Ngati HIV siilowa m'maselo oganizira, chimaononga ubongo wa munthu wa Edzi ndi chani?

Chiso wa Nursing:
Madzulo abwino akuluakulu. Lero mkalasi aphunzitsi anati HIV siimalowa m'ma neuron, maselo aja timaganizira nawo, akuti chifukwa alibe CD4 yomwe kachilombo kamagwirapo polowa. Chabwino. Koma omwewonso akuti munthu wa Edzi amatha kufika poiwala dzina la mwana wake, miyendo kufooka, kumangokhala duu. Nde ngati kachilombo sikakulowamo, akupha maselowo ndani? Ndafunsa angoti kawerengeni kkk

Mjomba wa ku Mangochi:
Si matenda ena olowerera aja mwana wanga? Meningitis, TB ya m'mutu, zimenezo

Kliniko wa kumudzi:
Mjomba mwanena gawo limodzi ndipo kuno kwathu ndi gawo lalikulu, munthu akabwera atasokonezeka timayamba kuganiza crypto (meningitis ya fangasi), TB, toxo (tizilombo tina tolowa mu ubongo), chindoko cha mu ubongo. Koma Chiso akufunsa zina. Pali anthu omwe ukawayeza zonsezo supeza kanthu koma mutu ukupitabe. Zimenezi anazilongosola bwino mu 1986 ku New York madokotala atatu, Navia, Jordan ndi Price, ndi amene anapereka dzina loti AIDS dementia complex. Ma ARV asanabwere pafupifupi anthu 15 pa 100 aliwonse a Edzi ankafika pamenepo.

Ife amene tinagwira ntchito 2004 isanafike tinkawaona mma ward. Sikuti amachita phokoso kapena kuvula ayi. Amangochedwa. Umufunse "bambo mwadzuka bwanji" akuyang'ana bwinobwino, iwe mpaka kuyamba kulemba zina, ndiye akuyankha "ndadzuka". Kumanga batani la shati dzanja likungozungulira pa bowo. Siginecha yasintha, kuyenda ngati wamwa koma sanalawe. Gadiyani amati wangokhumudwa ndi matenda, kapena wayamba mwano.

Nabanda ku Liverpool:
Moni nonse, ndangotuluka mu lab. Chiso funso lako ndi lomwe linavutitsa asayansi kumapeto kwa ma 80. Ndiyambe ndi mmene kamalowera. Ubongo uli ndi chotchinga choti zinthu za m'magazi zisamangolowa, koma asilikali ena a mthupi, ma monocyte, amaloledwa kudutsa. HIV imakwera mwa amenewo, ndipo imafika msanga, m'masabata oyambirira munthu atangotenga. Ikafika imakhazikika m'ma macrophage ndi ma microglia, amene ntchito yawo ndi kulondera ndi kuyeretsa mu ubongo. Ma neuron siiwakhudza ndithu.

Mu 1990 Dana Giulian ndi anzake ku Houston anatenga maselo a mtundu wa macrophage okhala ndi HIV nkuwasunga mu mbale ya mu lab, kenako anatenga madzi okhaokha omwe maselowo anakhalamo nkuthira pa ma neuron athanzi. Ma neuron anafa. Kusonyeza kuti pali chinachake chomwe maselo odwalawo amalavula ndipo ndi chiphe. Mu 1995 a ku Johns Hopkins anayang'ana ubongo wa anthu omwalira napeza kuti kukula kwa dementia kunkagwirizana kwambiri ndi kuchuluka kwa ma macrophage kuposa kuchuluka kwa kachilombo kenikeniko. Ena kachilombo kochepa koma mutu unapita, ena kambiri koma anamwalira akudziwa chilichonse.

Chiso wa Nursing:
Ndekuti thupi likudzipweteka lokha??

Nabanda ku Liverpool:
Mbali yaikulu eya. Zili ngati anyamata otentha tchire posaka mbewa, mbewa zina zathawira kuuna koma moto wakafika pa nkhokwe. Mbali ina ndi tizidutswa ta kachilomboko tomwe timayoyoka, nato ndi chiphe patokha

Bra Joe wa ku Joni:
Chiphe chake dzina lake ndani? Apa mukungozungulira asisi

Nabanda ku Liverpool:
Sichimodzi achimwene, dekhani kkk. Ndiyambe ndi chomwe ine chimandisangalatsa, quinolinic acid. Muzakudya za protein, nyemba, mtedza, usipa, mazira, muli kanthu kotchedwa tryptophan. Thupi limakagwiritsa ntchito pomanga minofu, pang'ono limapangira serotonin, ndipo kambiri kamadutsa njira ina yotchedwa kynurenine, komwe kumapeto kwake kumatuluka niacin, vitamin B3. Quinolinic acid ndi siteji imodzi panjira imeneyo, tonsefe tili naye pang'ono ndipo sativuta.

Vuto limabwera chitetezo chikadzuka osagonanso. Asilikali amatulutsa interferon gamma, iyeyo amayatsa enzyme yotchedwa IDO m'ma macrophage, basi tryptophan yense akukankhidwira njira ija mothamanga ndipo quinolinic acid akuunjikana pafupi ndi ma neuron. Melvyn Heyes wa ku bungwe la kafukufuku la NIMH ku America ndi amene anayeza zimenezi m'madzi a pamsana, lipoti lake lalikulu linatuluka mu 1991. Kwa omwe anali ndi dementia kapena matenda ena a mu ubongo anali wokwera kuposa ka 20 poyerekeza ndi anthu abwinobwino, ndipo akapatsidwa AZT, ARV woyamba uja, amatsika, mutu nkumayambanso kugwira.

Mayi a Tiyamike:
Ndiye tisiye kudya nyemba ndi usipa? Ine ndili pa mankhwala chaka cha 2009 mpaka lero, musandiopseze

Nabanda ku Liverpool:
Ayi ayi mayi chonde idyani, mukasiya ndiye mwaitana vuto lina loipa. Chomwe chimapanga chiphecho si chakudya koma chitetezo chomwe chikungolimbana ndi kachilombo kosagonja. Inu ngati viral load ili pansi nkhondoyo yazirala

Mayi a Tiyamike:
Ili pansi, osaoneka nkomwe. Ambuye alemekezeke

Chiso wa Nursing:
Asisi koma asidiyo amapha bwanji neuron? amaiwotcha?

Nabanda ku Liverpool:
Osati kuwotcha ngati asidi wa batire. Ma neuron amalankhulana ndi mankhwala otchedwa glutamate. Glutamate akagunda pa kachitseko kotchedwa NMDA receptor kamatseguka pang'ono, calcium kulowa, uthenga wadutsa, katsekeka. Kuphunzira ndi kukumbukira kumadalira zimenezo. Quinolinic acid amatha kutsegula kachitseko komweko, nde akachuluka kamangokhala kotsegula, calcium kumangothira mkati mpaka selo kutopa, timanja take tolumikizirana ndi anzake kuyamba kuduka, mapeto ake kufa. Ndipo sali yekha. Ma macrophage okwiya amatulutsanso glutamate weniweniyo wambiri, TNF alpha, interleukin 1, platelet activating factor, arachidonic acid. Pali maselo ena, ma astrocyte, omwe ntchito yawo ndi kupukuta glutamate wotsala, TNF ija imawafooketsa nde palibe akupukuta. Calcium akachuluka selo limapanganso nitric oxide ndi ma free radical omwe amaononga ma mitochondria, tizigawo topanga mphamvu mu selo.

Za kachilombo tsopano. Chikhoto chake chakunja chili ndi protein yotchedwa gp120. Mu 1988 Brenneman ndi anzake anaonetsa kuti gp120 yokha, popanda kachilombo kamoyo, imapha ma neuron mu mbale. Mu 1990 gulu la Stuart Lipton ku Boston linaonetsa kuti imakweza calcium mkati mwa selo. Mu 1994 ena ku California anapanga mbewa zomwe ubongo wake umatulutsa gp120 yokha, ndipo ubongowo unaonongeka mofanana ndi wa anthu. Inanso ndi Tat, iyi selo lodwala limaitulutsa kunja ndipo imakoka ma monocyte ena kuti abwere, kuonjezera gulu.

Mjomba wa ku Mangochi:
Mayina onsewa ine mutu wayamba kale dementia kkkk

Kliniko wa kumudzi:
Kkkk Mjomba gwirani chimodzi chokha, njira zambirizo zimakathera pa calcium wochuluka mu selo. Koma ndionjezere kuti quinolinic acid uja si wa Edzi yokha, amakweranso pa matenda ena otupitsa ubongo, ngakhale malungo a mu ubongo mwa ana. Nde kumupeza wokwera sikutsimikiza kuti ndiye wapalamula yekha. Ine ndimamuona ngati mmodzi mwa gulu

Bra Joe wa ku Joni:
Nde ngati anadziwa zonsezi 1990 bwanji sanapange mankhwala otseka kachitsekoko? Zaka 30 ndi kuposa. Azungu amangofuna tizimwa ma ARV mpaka kufa kuti azigulitsa basi

Nabanda ku Liverpool:
Anayesa achimwene, ndipo kangapo. Nimodipine, wotchinga calcium, anamuyesa pa anthu. Memantine, amene amatchinga NMDA yeniyeniyo ndipo amaperekedwa kwa a Alzheimer, anamuyesa. Selegiline anamuyesa. Minocycline anamuyesa ku America ndi ku Uganda komwe. Palibe amene anaonetsa phindu logwirika pa kaganizidwe ka odwala. Mu mbale zimagwira bwino, mwa munthu zii. Maganizo anga ndi oti ukatseka njira imodzi pamene zili zisanu ndi kasupe wake akadatumphukabe sungaone kusintha, komanso NMDA sungaitseke yonse chifukwa ndi yomweyo timakumbukira nayo.

Chomwe chinagwira ndi kupha gwero. AZT anavomerezedwa 1987, pofika 1989 a ku Amsterdam anali atalemba kale kuti dementia yatsika kwambiri mwa omwe akumwa. Mankhwala atatu ophatikiza atabwera 1996 inagweratu. Kafukufuku wa CHARTER ku America mu 2010, anthu oposa 1,500, dementia yeniyeni anaipeza mwa 2 pa 100 basi.

Bra Joe wa ku Joni:
Koma ma ARV omwewo amapengetsa. Ndinaona ndi maso anga munthu tinkakhala naye kuno, atangoyamba kumwa usiku kumakuwa kuti mnyumba mwalowa njoka

Mayi a Tiyamike:
Apo Bra Joe simukunama koma musaphatikize onse. Ameneyo ndi mtundu wa ma ARV wotchedwa 5A. Ine ndinayamba ndi 1A, uja ankatentha mapazi ndi kuphwetsa masaya, kenako anatisinthira ku 5A. Amayi inu maloto ake! Kulota uli pa maliro ako omwe ukugawa nsima, kudzuka thukuta lokhalokha, ukapita kukataya madzi usiku khoma likuyenda. Tsiku lomwe ndadya za mafuta ngati chipisi madzulo ndiye zimanyanya. Zinatha patapita masabata angapo koma mzanga wina wa mu support group sizinathe, anangokhala ngati wagwa mphwayi, ana kumamuseka kuti amayi aledzera. Atatisinthira ku 13A mu 2019 anatsitsimuka ngati wina. Panopa akugulitsa kaunjika

Kliniko wa kumudzi:
Mayi mwafotokoza bwino kuposa buku. Mu 5A muli efavirenz 600mg, ndi amene amachita zimenezo, ndipo zakudya za mafuta zimapangitsa kuti alowe wambiri m'magazi, nchifukwa tinkati imwani pogona. Chiwindi chimamuphwanya ndi enzyme yotchedwa CYP2B6, ndipo anthu ambiri a kuno ku Africa tili ndi mtundu wa enzyme imeneyi wogwira ntchito pang'onopang'ono kuposa azungu, nde mankhwala amaunjikana. Ku South Africa komweko Bra Joe, madokotala analemba za odwala, ambiri amayi ochepa thupi, omwe patapita miyezi kapena zaka ali pa efavirenz anayamba kudzandira ndi kusokonezeka, atayeza magazi mankhwala ali pamwamba zedi, atawasiyitsa ambiri anachira. Nde eya, mankhwala nawo ndi chemical ndipo atha kukhudza ubongo. Koma yankho lake ndi kusintha mtundu ku chipatala, osati kutaya botolo. 13A ali ndi dolutegravir, ena amadandaula kusowa tulo, tikawauza azimwa mmawa zimachepa

Bra Joe wa ku Joni:
Mwavomera nokha tsopano

Mayi a Tiyamike:
Tavomera chani? Inu munaona ma ward a 2001? Ine mchemwali wanga ndinamusambitsa ndekha ali ndi zaka 29 asakundidziwa kuti ndine ndani, kunalibe ARV ngakhale mmodzi woti mumunamizire. Maloto oipa a mwezi umodzi ndi zimenezo musayerekeze chonde

Admin:
Tiyeni tizilemekezana, Bra Joe funsani koma osalimbikitsa anthu kusiya mankhwala pano. Pitirizani

Aphunzitsi a Bio:
Ndimangowerenga mwakachetechete koma pa tryptophan paja pandigwira. Asisi a Nabanda mwati njira imeneyo imakathera ku niacin. Nde tryptophan akamathera ku nkhondo, ndipo munthu akudya nsima ndi masamba basi, si pellagra imeneyo? Timaphunzitsa ku Form 3 kuti pellagra imabwera ndi zitatu, khungu, kutsegula m'mimba, ndi kusokonezeka mutu

Kliniko wa kumudzi:
Aphunzitsi mwaponda pomwe ndimafuna. Chimanga chili ndi tryptophan wochepa ndipo niacin wake ndi womangika, thupi silimutenga bwino, ufa woyera ndiye kwambiri. Dziko lino pellagra tinaiona kale yoopsa, mu 1990 anthu othawa nkhondo a ku Mozambique oposa 18,000 anadwala m'makampu a kuno mtedza utasowa pa chakudya chomwe ankalandira. Ndiye mu 2017 titayamba kupereka isoniazid kwa anthu a HIV m'maboma ena kuti tipewe TB, ma kliniki anayamba kuona pellagra ikuchuluka, ndipo kafukufuku yemwe anatuluka 2022 anatsimikiza kugwirizanako. Isoniazid amasokoneza vitamin B6, ndipo B6 ndi amene amafunika kuti tryptophan asanduke niacin. Nchifukwa timapereka pyridoxine, amene ndi B6 yemweyo, limodzi, kapilisi kakang'ono kaja anthu amakanyoza nkumakasiya.

Mmene imaonekera: khungu lakuda lokakala ngati lapsa, malo okhawo omwe dzuwa limawomba, kuseri kwa manja, mapazi pomwe silipasi sinaphimbe, ndi mozungulira khosi ngati wavala mkanda, malire ake ochita kudula bwinobwino pomwe bulauzi inathera. Lilime lofiira, m'mimba mosaleka, kenako munthu kuyamba kulankhula zosagwirizana. Ameneyo ukamulemba kuti HIV dementia wamulakwira, chifukwa nicotinamide, mtundu wa niacin, amamudzutsa m'masiku ochepa mutu nkubwerera

Aphunzitsi a Bio:
Eeh. Nde mwezi wa January ndi February kumudzi ndi pomwe ziyenera kuchuluka

Kliniko wa kumudzi:
Nthawi yomwe ndiwo zasowa ndi mtedza watha, inde. Onjezeranipo kachasu. Mowa umathetsa B1 ndi niacin yemweyo, ndipo pawokha umaononga ubongo. Bambo wa HIV, womwa kachasu osadya, ali pa mankhwala a TB, akasokonezeka pali zifukwa zinayi kapena zisanu nthawi imodzi, kuti uloze chimodzi ndi bodza

Chiso wa Nursing:
Ndikulemba zonse. Koma ndinamvanso kuti HIV ya kuno ndi yofatsa ku ubongo kuposa ya ku America, zoona?

Nabanda ku Liverpool:
Nkhani imeneyo inachokera ku India. Kuno kum'mwera kwa Africa ndi ku India kofala ndi mtundu wa HIV wotchedwa subtype C, ku America ndi ku Ulaya ndi B. Mu 2004 Ranga ndi anzake ku Bangalore anapeza kuti Tat ya subtype C ili ndi kusintha pa malo a nambala 31, pomwe B ili ndi cysteine iyo ili ndi serine, ndipo Tat yoteroyo siikoka ma monocyte mwamphamvu. Anthu anasangalala kuti mwina nchifukwa dementia imaoneka yochepa ku India. Koma atayeza anthu ku Cape Town, komwe ndi C yemweyo, anapeza mavuto a ubongo ambiri ndithu, ndipo zinapezekanso kuti si C yense wa kuno ali ndi kusinthako. Ine sindingauze munthu kuti kachilombo kathu nkofatsa. Kale anthu kuno ankamwalira msanga ndi TB ndi crypto dementia isanafike poonekera, ndipo panalibe amene ankayeza

Kliniko wa kumudzi:
Ku Blantyre anayezapo, lipoti la 2014 la anthu omwe anali pa ma ARV. Dementia yeniyeni 3 pa 100, vuto locheperako koma losokoneza ntchito za tsiku ndi tsiku 12 pa 100. Koma oposa theka anagwera mu gulu lija amati ali ndi vuto pa mayeso koma iwo sakudandaula kanthu. Apo ine ndimakayikira mayesowo osati anthuwo

Nabanda ku Liverpool:
Ndipo simuli nokha. Magulu atatuwo anachokera ku malamulo oyezera omwe akatswiri anagwirizana, otchedwa Frascati, a 2007, ndipo CHARTER ija nayo inati pafupifupi theka ali ndi vuto, ambiri a iwo opanda chizindikiro. Akatswiri ena, kuphatikizapo a ku Cape Town, akhala akutsutsa kuti muyezowo ndi wolekerera moti ngakhale anthu opanda HIV ambiri angagweremo. Tangoganizani agogo omwe sanagwirepo pensulo mukuwapatsa pepala kuti alumikize manambala ndi mizere pa stopwatch, mzungu ataima pambali. Achedwa basi, koma kumunda akudziwa mbeu iliyonse ndi ngongole za mudzi wonse. Komabe tisatayire limodzi, alipo omwe viral load ili pansi koma akuchedwa zenizeni. Zifukwa zake: zomwe zinaonongeka kale CD4 itatsikitsitsa asanayambe mankhwala, chitetezo chomwe sichinazirale kwathunthu, Tat yomwe imapezekabe m'madzi a pamsana mwa ena, ndipo mwa ochepa kachilombo kamakhala kakuswana mu ubongo pamene m'magazi mulibe. Kuonjezera BP, shuga ndi ukalamba poti anthu akukula nawo tsopano

Mjomba wa ku Mangochi:
Nanga munthu angadziyeze bwanji pakhomo? Ine ndimaiwala pomwe ndaika makiyi daily

Kliniko wa kumudzi:
Makiyi tonse Mjomba kkk. Kali kamuyezo kachidule, International HIV Dementia Scale, Sacktor ndi anzake anakayesa ku Kampala ndi ku America mu 2005, sikafuna kudziwa kuwerenga. Umamuuza munthu mawu anayi kuti asunge. Kenako ndi dzanja lomwe salembera agundanitse chala chachikulu ndi cholozera mwachangu, atatambasula bwino, kwa masekondi 5, wabwino amafika ka 15. Kenako dzanja lomwelo pa tebulo: chibakera, chikhatho chogona, chikhatho choimika cha m'mbali, kubwereza motsatana kwa masekondi 10. Pomaliza akumbukire mawu aja. Zonse ndi 12, akapeza 10 kutsika timafufuza zambiri. Koma ndi kosefera chabe, kamakola anthu ambiri abwinobwino, musadzipatse matenda nako

Aphunzitsi a Bio:
Ndani wina akugundanitsa zala pano kkkkk ine madam akundiyang'ana modabwa

Bra Joe wa ku Joni:
Ine 17. Ubongo uli fit

Mayi a Tiyamike:
Zala zili fit, za ubongo tisaweruze msanga kkkk

Nyamata wa pa Chinsapo:
Pepani kulowerera, ndakhala ndikuwerenga kuyambira pamwamba ndipo mtima wanga suli mmalo. Achimwene anga anabwera kuchokera ku Joni mwezi watha, anali pa mankhwala koma anasiya chaka chathachi akuti ankaopa kupita ku kliniki opanda mapepala. Panopa akuiwala zinthu, dzulo anathira shuga mu ndiwo, akuyenda mogwira khoma, ndipo akudandaula mutu kwambiri makamaka usiku. Amayi akuti anawalodza anzawo a kuntchito chifukwa cha ndalama, akufuna tipite nawo kwa asing'anga Loweruka. Ine ndinaganiza zongowapatsa ma ARV a akazi awo ayambiretu. Nditani?

Kliniko wa kumudzi:
Achimwene musawapatse ma ARV a munthu wina, ndipo musadikire Loweruka. Mutu wopweteka chonchi mwa munthu amene anasiya mankhwala chaka chathunthu, choyamba kuganiza ndi cryptococcal meningitis, osati dementia tikukambayi. Dementia ya HIV imabwera pang'onopang'ono kwa miyezi ndipo kawirikawiri siipweteketsa mutu. Crypto imapha m'masabata. Ndipo ngati ndi crypto, kuyamba ma ARV nthawi yomweyo nkoopsa, chitetezo chikadzuka mwadzidzidzi ubongo umatupa, timayamba tathana ndi fangasiyo kenako ma ARV pakadutsa masabata 4 mpaka 6. Pitani nawo mawa mmawa ku chipatala chachikulu, mukanene zonse osabisa, kuti anasiya liti ndipo ankamwa chani. Akayeze CD4, ikakhala pansi pa 200 pali CrAg ya magazi, yoyeza crypto, yomwe imatuluka mphindi zochepa, ndi ya mkodzo ya TB. Apemphenso ya chindoko

Nyamata wa pa Chinsapo:
Vuto amayi akumva zoti akapita akawapopa madzi a pamsana, akuti amene amapopedwa sabwerako. Bambo athu aang'ono anamwalira atangowapopa

Mayi a Tiyamike:
Mwana wanga mawu amenewo ndawamva kambirimbiri mu ward. Anthu amafika mochedwa, abale kukana kupopa masiku atatu, akavomera munthu watha kale ndiye mlandu nkugwera singano. Ine ndinapopedwa 2009 pomwe ndinkayamba, kawiri, ndili pano ndikukulemberani. Amakugoneka chammbali mawondo kufika pachifuwa, singano imalowa pansi pa msana, madzi ake oyera ngati a pampopi akudontha mu kabotolo. Mutu umene unkandisowetsa tulo unapepuka tsiku lomwelo

Kliniko wa kumudzi:
Ndipo pa crypto kupopako ndi mankhwala kumene, chifukwa madzi amachuluka nkumapanikiza ubongo, ukachotsako munthu amapeza bwino. Singanoyo imalowa mmunsi pomwe mtsempha waukulu wa msana watha kale. Chithandizo chake chinapitanso patsogolo, kafukufuku wa AMBITION yemwe anachitikira ku Blantyre ndi ku Lilongwe pamodzi ndi maiko ena anayi anaonetsa mu 2022 kuti dilipi imodzi ya liposomal amphotericin pamodzi ndi mapilisi a flucytosine ndi fluconazole imagwira ngati dilipi yakale ya masiku 7. Zonse zikapezeka kuti mulibe, ndiye tiziti mwina ndi HIV yeniyeniyo mu ubongo, ayambirenso mankhwala, ambiri amasintha pakapita miyezi ngakhale si onse amabwereratu mwakale

Bra Joe wa ku Joni:
Apa nane ndigwirizana nawo, pita nawo aise. Ndipo ena muli kuno musamaope, pitani ku kliniki ya boma mukatenge mankhwala, anyamata ambiri akusiya chifukwa cha mantha omwewo

Nyamata wa pa Chinsapo:
Amayi ndiwauza bwanji? Sakudziwa nkomwe kuti achimwene ali ndi kachilombo

Mayi a Tiyamike:
Zimenezo si zako kuulula, ndi za eni ake ndi akazi awo. Amayi ungowauza kuti mutu wopweteka chonchi ukufunika dokotala kaye, za Loweruka muzakambirana mukabwerako. Alamu akowo ndi amene apite nawo ngati gadiyani poti akudziwa mbiri yonse. Atenge buku la kuchipatala lakale ngati lilipo, ndi botolo lililonse lomwe anabwera nalo ku Joni ngakhale lopanda kanthu, adokotala akaone dzina la mankhwala

Nyamata wa pa Chinsapo:
Botolo lilipo ndaliona mu chikwama chawo. Ndayankhula ndi alamu avomera, ndikusaka galimoto ya 5 koloko poti pa minibasi sangakwanitse kukhala

Kliniko wa kumudzi:
Akayamba kusanza, kukomoka kapena kugona osadzutsika usiku uno musadikire 5 koloko, nyamukani nthawi yomweyo. Ndakutumizirani uthenga ku inbox